Makadi a ku Joni

Ndege ya ku Joni inali itatera kale pa Chileka, koma a Mackson sanaoneke. Gertrude January anayang'ananso wotchi yapakhoma, nadzuka pabenchi, nakasuzumira panja poima matakisi, nabwerera. Aka kanali kachinayi.

M'manja anali ndi makadi atatu, aja okhala ndi chithunzi mbali imodzi, mbali inayo n'kulembapo uthenga. A Mackson, amene ankakaoda zovala ku Joni mwezi ndi mwezi, ndiwo ankabwera nawo makadiwo ali osalemba, n'kubwerera nawo atalembedwa kuti akawaponye kumeneko. Makadiwo akafika papositi ya Lirangwe ali ndi sitampa ya ku South Africa, panalibe wokayika. Chaka chinali chitatha zinthu zikuyenda choncho, a Mackson osaphonyapo. Lero ndiye zii.

Gertrude anatembenuza khadi loyamba, la chithunzi cha nyumba zitalizitali, naliwerenganso ngakhale mawu ake anali atawaloweza.

"Pempho mwana wanga, kuno kukuzizira koma ndili bwino. Ntchito yandichulukira, n'chifukwa chake pa Isitala sindinabwere. Mayeso ukalembe mosaopa. Uzimvera agogo. Ndine mayi ako."

Lachiwiri linali la agogowo. Lachitatu la Chisoni, mnzake wa kukwaya, lomuthokoza pothandiza kukolola. Koma lomuwawa Gertrude linali la Pempho. Mayeso a Sitandade 8 anali atatsala masabata atatu, ndipo khadi likanapanda kukwera ndege ya lero, likanafika mwana atalemba kale.

Anakokera mpango wake chakumaso. Chileka ndi malo okumanirana anthu. Womudziwa akanangomuona pano ndi makadiwa, zonse zikanathera pomwepo. Anakhala pansi, koma miyendo sinamulole. Anadzukanso.

Mawu a pachimkuzamawu anaitana apaulendo kuti ayambe kulowa. Mzere unayamba kufupika. Gertrude anaunguza nkhope imodziimodzi. Bambo wa suti uja ayi, anali ndi maso ofunsa zambiri. Atsikana awiri aja akanawaiwala m'chikwama. Kumapeto kwa mzere kunali mayi wachikulire wa magalasi, sutikesi yake italembedwa ndi penti yoyera kuti C. Alufandika.

Anawapatsa moni mwaulemu, nawapempha kuti akafika akamuponyere makadiwo, ndalama ya sitampa ili mu envulopu. Mayiwo anawalandira mokayika. Khadi silibisa mawu, choncho maso awo anadutsa pa uthenga wa Pempho, nafika pa adiresi. Anavula magalasi n'kumuyang'ana Gertrude kuyambira kumpango mpaka kunsapato.

"Lirangwe? Lirangwe yomweyi, ya minibasi imodzi kuchoka m'tauni?"

"Eya, mayi."

"Ndiye mwanayu akudziwa kuti mayi ake ali ku Joni?"

Gertrude anayang'ana pansi.

Mayi Alufandika anatsitsa mawu, koma sanamunyengerere. Anati iwo analera ana asanu okha, mwamuna atawasiya, koma sanathawepo mwana ngakhale tsiku limodzi. Anati kaya ndi banja latsopano, kaya ndi manyazi a umphawi, mwana wolemba mayeso amafuna mayi womudzutsa m'mawa, osati chithunzi cha nyumba za eni. Anthu awiri a pamzere anacheuka. Gertrude ankangoyang'ana dzanja lomwe linagwira makadi, kuopa kuti limubwezera.

"Ndikaponya chifukwa cha mwanayo, osati inu," anatero mayiwo pomaliza, nawalowetsa m'kachikwama kam'manja.

Gertrude anawomba m'manja chapansipansi. Anaima pomwepo mpaka mayiwo atalowa pachitseko cha apaulendo, kenaka anatuluka chothamanga kukasaka minibasi ya m'tauni.

Pofika 2 koloko anayenera kukhala atavala yunifolomu, makiyi ali m'chiuno, pachipata cha ndende ya amayi. Gertrude analibe mwana. Tinenenji, mayi ake a Pempho, amene anatsala ndi chaka chimodzi kuti atuluke, adzakhala ali pawindo la selo yake kudikira kumva ngati makadi ake apita.