Mbewu Yaulere

"Zakale zinapita, Efo Agbenyega," anatero Amedzro, wapolisi wopuma ntchito. "Boma lalola chamba chosaledzeretsa, chopangira zingwe. Chiphaso ndili nacho, koma mbewu ndilibe."

Agbenyega anamuyang'anitsitsa munthu amene anamuwotchera munda wa chamba n'kumumangitsa zaka khumi. Kenako anatsitsa chikho cha mbewu kudenga.

"Tengani, bwana. Yaulere."

Mlendoyo atachoka, mkazi wa Agbenyega anakalipa: "Mwapenga? Kuthandiza galu ameneyu?"

"Dekha, akolole kaye."

Chambacho chinabereka mochititsa kaso. Koma oyeza a boma atabwera anapeza kuti chinali chaukali chija, choletsedwa.

Kukhoti, Amedzro analoza chala: "Mbewu anandipatsa ndi uyu!"

Agbenyega anaimirira, chipewa kumanja.

"Ine mbewu ndiitenge kuti, bwana? Si munalumbira nokha, m'khoti lomwe lino, kuti munawotcha zonse?"