Madzi Apemphedwe M'Chingerezi

Kapu ya madzi inali pomwepo patebulo, koma anaiika dala pamene dzanja silingafike. Chidzete ankaiyang'ana ngati galu pakhomo la butchala. Chidzukireni anali asanamwe kanthu, ndipo dzuwa la masana linali litakwiyira malata.

Chidzete silinali dzina lake. Anamupatsa ndi Aphunzitsi, mayi wamtali wosadziwa kuseka, wa chala cha mkombaphala chokhota ngati mbedza. Ndi chala chomwecho ankaloza mawu anayi pa kabolodi kopachikidwa m'chipinda chodyera: though, tough, through, cough.

"Werenga loyambalo."

Komatu Chingerezi, abale, anachipanga ndi munthu wopanda chisoni. Mawu anayi, michira yofanana, koma lililonse kalilidwe kakekake. Apa zilembo zangoti duu, apo zomwezo zikufwenthera. Ukalondola maso walakwa, ukalondola makutu walakwanso. Chidzete anakakamiza lilime, koma linali lolemera, losamva.

"Tha... thafu."

Phwa! Lula inatera pa mfundo za zala. Inali lula yamakedzana, yamtengo, ya kachitsulo m'mphepete, yodetsedwa ndi thukuta la zaka zambiri. Dzanjalo silinathawe n'komwe. Misozi inatsika, kukakumana ndi dovu pachibwano, n'kudonthera pa kansalu kamene anamumangirira m'khosi.

"Madzi," anatero. Liwu limeneli ndilo linkatuluka lathunthu.

"M'nyumba muno sitiyankhula zakumudzi," anayankha Aphunzitsi. "Lamulo ukulidziwa. Wofuna madzi ayambe wakhoza phunziro, kenako apemphe m'Chingerezi."

Ankalidziwadi lamulolo, mutu mpaka mchira. Ankadziwanso kuti kulira sikuchotsera chilango, kumangowonjezera.

Kuseri kwa mpanda, mayi woyandikana nawo ankachapa akung'ung'udza nyimbo. Chidzete akanakuwa, mwina mayiyo akanamva. Koma akanamukhulupirira ndani? Msewu wonse unkawatama Aphunzitsi. Munthu kusiya ntchito yabwinobwino kuti azimusamalira! Kumusambitsa, kumuveka, kumudyetsa ndi supuni, kuwonjezera apo n'kumamuphunzitsa tsiku ndi tsiku osatopa. Masiku ano mtima wotere uupeza kuti?

"Werenga lachitatulo."

Chidzete analiyang'anitsitsa. Liwulo linali penapake m'mutu mwake, ankalimva likuyendayenda, koma njira yotulukira linaisowa.

"Thu... thurufu."

Phwa! Phwa!

Aphunzitsi ananyamula kapu ija. Milomo yosweka ya Chidzete inatseguka yokha. Iwo anaidutsitsa pafupi ndi mphuno yake, mosathamanga, mpaka anamva kuzizira kwake. Kenako anapita pawindo n'kuthirira duwa la m'chitini, mpaka dontho lomaliza.

Atabwerako anakoka mpando n'kukhala pafupi naye. Anamupukuta chibwano bwinobwino ndi kansalu kaja, n'kumukonzera kolala. Ndiyeno anaimika chala chokhota chija patsogolo pa maso ake, ndipo anayankhula motsitsa, mwaulemu wonse.

"Ndinali kamwana ka sitandade thu pamene munandithyola chala ichi ndi lula yomweyi chifukwa cha cough. Sitiroko yakulandani Chingerezi chanu chonse, bambo anga, koma musadandaule, lamulo lanu ndakusungirani. Tiyeni tiyambirenso."