Mawu a Bambo Sanalowe

Bambo atangomaliza kuyimba, mwana wawo wamkazi anadina batani kuti amvetsere zomwe wajambula. Mawu a bambo munalibe.

Chonsecho m'mahedifoni ankawamva bwinobwino akuyimba. Timagetsi ta pa kabokosi kolumikiza maikolofoni ku laputopu tinkaphethira motsatira mawu awo monga mwa masiku onse. Anazula chingwe n'kuchibwezera, anatsegula apa n'kutseka apo. Kenako anaona pomwe panalakwika. Pulogalamu yojambulira sinkatenga mawu kuchokera ku kabokosiko. Inkatenga pa kamaikolofoni ka laputopuyo, kamene kanali pafupi ndi pakamwa pake.

Inajambula iyeyo akusisima ndi kufwenthera, mphindi zinayi zathunthu.

Bambo anatuluka m'kachipinda kotchinga ndi matiresi, atagwira pakhosi pomwe madokotala adzang'ambe mawa kuti achotse kholingo lotulutsira mawu.

"Yalowa, mwana wanga?" ananong'ona.

"Bambo, ndagwira mwendo wanu, bwerezani kamodzi kokha. Ndakonza tsopano."

Bambo anamuyang'ana, anamwa madzi pang'ono, n'kubwerera pa maikolofoni. Anakoka mpweya, natsegula pakamwa.

Timagetsi tija sitinaphethire.