Kompyuta ya Alamu Yayambanso Kuchedwa

Modemu inalira, inakhosomola, kenaka inakhala chete. Mawaya, yemwe dzinali analitengera ku ntchito yake yokonza makompyuta, anaika chipewa pa tebulo, n'kulemba pa kompyuta dzina la tsamba la nkhani la pa intaneti. Palibe chinachitika.

Podikira, mlamu wake anatembenuza mpando n'kufunsa mkazi wake ngati bondo lija lasiya kupweteka. Mayiwo, omwe anali achemwali ake a Mawaya, anayankha mwachifatse, nkhani inakula, mpaka onse awiri anaseka. Tsamba litatseguka, alamu anadula nkhani pakati n'kubwezeretsa mpando.

"Mwaonatu alamu? Tsamba lililonse ndi momwemu. Munthu utha kumeta ndevu usanaone chilembo," anatero. "Ku ofesi kwathu akufuna dzina la wosamalira makompyuta Lolemba. Ndikapereke bwanji dzina la munthu amene yamukanika imodzi yokha ya pabalaza?"

Ntchito imeneyo Mawaya ankailota usana ndi usiku.

Matenda a kompyutayi ankawadziwa bwino. Kompyuta sidziwa mayina a masamba, imadziwa manambala basi. Ukalemba dzina, imayamba yafunsa makina ena akutali, otchedwa seva ya mayina, kuti aiuze nambala yake. Ofunsidwawo amakhala awiri, woyamba ndi wachiwiri. Pamalo a woyamba panali nambala ya seva ya kampani ina yomwe inatseka kalekale. Choncho kompyutayo inkagogoda pa nyumba yopanda anthu, n'kudikira, n'kugogodanso, isanatope n'kupita kwa wachiwiri.

Chomwe chinkamuwawa n'chakuti nambala yakufayo anali ataifufuta kale ndi manja ake, ndipo aka sikanali koyamba. Nambala ilibe miyendo, sibwerera yokha. Mwini nkhaniyi ankamudziwa. Alamu anali munthu wodina chilichonse chimene chaoneka kuti chingadinike. Akaweruka ku ntchito ankafikira pa mpando umenewu, chakudya chinkawapeza pomwepo, ndipo foni ya m'nyumbamo sinkalowanso chifukwa waya wake unali wa modemu. Koma mlamu amene wagwira tsogolo lako m'manja sumuloza chala.

Anafufutanso nambalayo mwakachetechete n'kulemba yamoyo. Achemwali ake anaima kumbuyo kwake ndi thireyi ya tiyi, akuonerera monga mwa masiku onse. Mawaya anawamvera chisoni. Anaganiza kuti kwa iwo zonsezi zinali nyerere chabe pa galasi.

Anadina. Tsamba linatseguka nthawi yomweyo. Lina, chimodzimodzi. Alamu anakankha Mawaya n'kukhalapo okha. Anadina za mpira, za mitengo ya magalimoto, za nyengo ya kumayiko kumene sadzapitako. Mpando sunatembenukenso. Mkazi wawo anawafunsa ngati akufuna shuga, iwo anayankha kuti eya, mvula igwa mawa. Tiyi anazizira.

"Ikangofika Lolemba ili chonchi, ntchito ndi yanu," anatero alamu pomaliza, akudzuka kuti amuperekeze.

Atafika pa geti, dzuwa linakumbutsa Mawaya kuti mutu uli pambalambanda. Anasiya alamu akucheza ndi woyandikana nawo nyumba, n'kubwerera kukatenga chipewa. Analowa osagogoda.

Achemwali ake anali pa mpando uja. Ndi chala chimodzi, osayang'ana paliponse, ankalemba nambala yakufa ija pamalo a woyamba. Sanadzidzimuke n'komwe.

"Akamadikira tsamba m'pamene amakumbukira kuti ali ndi mkazi," anatero. "Chipewa chako chili apo."

Mawaya anavala chipewa chake. Pa geti anauza alamu kuti vuto lenileni lili m'mawaya a foni, libweranso, ndipo iye zimenezo sangazithe.