Nyimbo Yomaliza ya Nevcihan

Khofi loyamba Nevcihan adalimeza. Lachiwiri lidamugwetsera m'bwato, dzino limodzi n'kutsalira padoko.

"Imbanso tione, namzeze iwe!" adakuwa Reyhan Aga, kapitawo wa nyumba ya akazi a bwana wamkulu, Pasha. Adaphwanyira tambura, choimbira cha mayiyo, pamwala, zingwe n'kuti phuthu! "Ukaimbire nsomba."

Mlandu wa Nevcihan udali nyimbo yachikondi imene Pasha adati njopekera mwamuna wina. Kapolo sachita apilo. M'bwatomo mudali thumba, miyala, ndi wopalasa wotchedwa Bayram, chimunthu cha mikono ngati misi.

Imfa siidamuwawe Nevcihan ngati nyimbo ina imene adamaliza kupeka dzulo lake, yoposa zonse, yosamvedwa ndi munthu. Kuno ku Istanbul nyimbo sitilemba. Mphunzitsi amaimba akumenya maondo, wophunzira n'kumatsatira mpaka ilowe m'mutu. Mwini wake akafa nayo, yafa basi.

Atafika pakati pa nyanja, Nevcihan adalavula magazi.

"Achimwene, moyo sindikupemphani ayi. Ingonditengerani kanyimbo aka kumtunda."

Adayamba kumenya maondo, dzanja lamanja, lamanzere, mawu akutuluka pamilomo yong'ambika. Bayram adasiya nkhafi. Adamuyang'anitsitsa, kenaka naye n'kuyamba kumenya maondo ake, osaphonya ngakhale kamodzi. Mayiyo adabwereza, n'kubwerezanso, mpaka mawu adasasa. Misozi idali chuchuchu m'masaya mwa chimunthucho.

"Mwaigwira, eti?" adafunsa akugwedeza mutu mwachiyembekezo. Bayram adagwedezanso wake.

Zomvetsa chisoni, mayi uja adalowa yekha m'thumba akumwetulira. Bayram adathiramo miyala, n'kumanga pakamwa pake zolimba. Thumba lidaphupha pang'ono m'manja mwake. Phava! Madzi adatseka.

Pobwerera Bayram adapeza Gülter, mnzake wa Nevcihan, atagwada padoko, nsalu yakumaso itanyowa. Adali ataona patali awiriwo akumenya maondo. Adagwira mwendo wa Bayram.

"Bambo, chonde, wakusiyirani nyimbo yanji? Ndiimbireni ngakhale mzere umodzi!"

Reyhan Aga adamukankha ndi phazi, akuseka mpaka kutsokomola.

"Ukufunsa ameneyu? Pantchito ngati iyi Pasha amatuma wosamva, wosalankhula. Chibadwire sanamvepo ngakhale bingu."