Ndani Akuzula Chomera cha Malemu?

Esnart anaima pakhomo la chipinda chochezera, chikwama chidakali paphewa. Chomera chija chinali chitazulidwanso. Kachitatu tsopano.

M'mawa anachisiya bwinobwino m'thanki yagalasi ya nsomba, mizu ndi tsinde atazikwirira m'timiyala. Pano chinali pamwamba pa chikuni cha m'madzimo, mizu ili pamtunda, chitamangidwa ndi ulusi wakuda. Ulusi wakuda! Kwawo ku Dedza, chinthu ukachipeza chitamangidwa chomwecho sufunsa kawiri.

M'nyumba imeneyi, ku West Bromwich, munkakhala munthu mmodzi yekha: a Greyson, mzungu wa zaka 81, amene sitiroko inawalanda mawu ndi miyendo miyezi inayi yapitayo. Esnart ankabwera kudzawasamalira m'mawa ndi masana. Choyendera chachitsulo chimene achipatala anawapatsa chinkangokhala pambali pa mpando wawo. Ukawasendezera, ankayang'ana kumbali.

Mwana wawo, Melissa, asananyamuke kupita ku Spain, sanabise mawu.

"Nsomba sizivuta. Koma chomeracho, java fern, chinali cha malemu mayi anga. Chikafa, ndikudziwa woti ndimufunse."

Esnart anali ndi miyezi isanu ndi iwiri yokha ku England, ndipo viza yake inkadalira ntchito imeneyi. Dandaulo limodzi linali litafika kale ku ofesi ya kampani imene inamulemba ntchito, tsiku limene tramu, sitima yoyenda mumzinda, inamuchedwetsa. Lachiwiri likanamukweza ndege.

N'chifukwa chake Lolemba, Melissa atangochoka, anachiyang'anitsitsa chomeracho. Chinali chitangokakamira pachikuni, mizu ili panja. Anapukusa mutu. Azungu awa, ndege amapanga, koma kubzala ayi. Munthu wokulira m'munda wa mbatatesi sakanalola zimenezo. Anachimatula n'kuchibzala mwaulemu wake. A Greyson anabuula, akumenya mkono wa mpando.

"Musadandaule, agogo. Ndachikonza," anatero Esnart.

Koma tsiku lililonse masana ankachipeza chitazulidwa. Masamba anayamba kuda, tsinde kufewa. Nanga chingachire bwanji chinthu chozulidwa tsiku ndi tsiku? Chitseko ankachipeza chokiya. Mnzake wa ntchito ankabwera madzulo okha. Melissa anali kutali. Koma lero, Lachinayi, panali chinanso. Pashelefu, pansi pa chithunzi cha malemu, panali chitini cha mabisiketi mmene mayiwo ankasungira singano ndi ulusi. Chinali chotsegula.

Anathamangira kukhitchini n'kuimbira Tupochile, mnzake wa kutchalitchi.

"Sisi, kwa client wanga kukuchitika zinthu. Door ili locked, koma wina akulowa. Ndikuganiza kuti ndi mwini wake wa chomeracho."

"Si unati anamwalira?"

"Ndi zomwe ndikunenazo."

"Usakareporte zimenezo, adzati wapenga, akususpenda. Pemphera. Ndipo ulusiwo usaugwire ndi manja."

Esnart anavala magolovesi. Anadula ulusi ndi sizasi, maso akuzemba chithunzi chija. Anakumba mozama kuposa kale, nakwirira tsinde lonse, n'kutsindira mwala pamwamba. A Greyson anabuula kwambiri, misozi ikutsika. Powasintha juzi anaona kuti mkono wake wanyowanso mpaka m'chigongono. Tiyi wawatayikira, anaganiza choncho, chisoni chikumugwira. Mkuluyu akuona zonse zochitika m'chipinda muno, koma pakamwa palibe.

Lachisanu m'mawa chomera chinali chidakali m'timiyala, tsamba lina litathothoka n'kumayandama. Melissa ankabwera Lamlungu. Esnart anawerenga masamba otsala. Anayi.

Tsikulo munthu wina amene ankayenera kukamusamalira anatengedwa ndi achibale ake, choncho Esnart anabwerera kwa a Greyson kudakali ola lathunthu nthawi yake isanakwane. Anatsegula chitseko chapakhomo pang'onopang'ono. Atangolowa, anamva.

Madzi. Chubwi, chubwi. Kenako timiyala tikukhulana pagalasi.

Maganizo oyamba anali othawa, osatembenuka mpaka pa siteshoni ya tramu. Koma kusiya wodwala yekha m'nyumba ndiye kudzichotsa ntchito ndi manja ako. Anaopa wakufa, anaopanso ofesi, ndipo sanadziwe woopsa kwambiri ndi uti. Anagwira ambulera ya malemu imene inali pakona, kenako atakumbukira mwini wake anaisiya msangamsanga. Anapemphera chamumtima, mawu akusokonekera, nakankha chitseko cha chipinda chochezera.

Pampando panalibe munthu.

A Greyson anali chiimire pathanki, dzanja limodzi litakakamira choyendera chachitsulo chija, linalo lili m'madzi mpaka m'chigongono, ulusi wakuda atauluma kumano. Thukuta linali kamukamu. Anatembenuka movutikira, nalavula ulusiwo, milomo ikulimbana ndi mawu oyamba pa miyezi inayi.

"Iwe... chomera ichi... sakwirira. Chimaola." Anapuma mwabefu. "Ndatopa... kuchipulumutsa."