Kakowa Adzifikitsira Yekha Uthenga

Padangokhala, nyama zikadalembana ntchito, Kakowa ankachotsa nkhupakupa pamsana pa Njati. Tsiku lina Njati, pothamangitsa ntchentche, anamukwapula ndi mchira kumaso. Kakowa anapsa mtima, naulukira mumtengo wapafupi momwe munali Bilimankhwe.

"Achimwene," anatero Kakowa, "kawauzeni abwanawo kuti ntchito ndasiya. Msana wawo umanunkha, ndipo kumutu kwawoko kuli nyanga zokhazokha, nzeru kulibe!"

Kakowa anakafunsira ntchito kwa Mvuu, koma Mvuu amasamba tsiku lonse, nkhupakupa analibe ndi imodzi yomwe. Njala itamukhaulitsa, Kakowa anabwerera n'kugwada pamaso pa Njati.

"Pepani bwana, mawu aja ndabweza. Ndiloleni ndipitirize ntchito."

"Mawu atinso?" anafunsa Njati uku akutafuna udzu.

"Aja osiya ntchito aja. Akuti mumanunkha, akuti mulibe nzeru."

Njati anasiya kutafuna. "Ine ndimayesa wadwala, malo ako ndinakusungira! Kuyambira lero uziyenda wapansi, uzitola zogwa."

Kakowa anacheukira kumtengo kuja. Bilimankhwe anali panthambi yomwe ija, atangokweza mwendo woyamba.

"Musade nkhawa achimwene," anafuula. "Uthenga wanu ndikaufikitsa ndithu!"